Mlatho Wanga

1. Malaya opita kuchipatala

Kalaliki anali kusita malaya a agogo ake aamuna pamene foni ya amayi ake inalira kukhitchini. Unali m'mawa wa Lachinayi, sukulu atatsekera. Malayawo anali oyera, a manja aatali, oti masana akawapatse agogo kuchipatala kumene anagonekedwa, chifukwa agogo sankalola kuti adokotala awaone atavala zokwinyika.

Dzina loti Kalaliki anamupatsa ndi agogowo, ndipo pakhomo ponse analitola. Anali mtsikana wa zaka khumi ndi zisanu.

Anamva amayi ake akuti, "Inde, achimwene. Nthawi yanji?"

Amayi anabwera n'kuima pakhomo la chipinda. Sanalire. Anayandikira, n'kumulanda simbi m'manja, n'kuiimika pambali.

"Malaya akupsa, mwanangu," anatero. "Agogo ako atisiya."

Pathumba la malaya panali patatsala chipsera chofiirira. Kalaliki anachiyang'ana n'kuyamba kulira.

"Usalirire malaya, jekete libisa," anatero amayi. "Tiye tigwade."

Anagwada pomwepo, pafupi ndi tebulo lositira. Pemphero la amayi linali lalifupi. Anathokoza Mulungu chifukwa cha zaka zonse za bambo awo, n'kupempha mphamvu za tsikulo basi.

2. Nyumba idzaza

Pofika masana nyumba inali itadzaza. Mayi wa nyumba yoyandikana anabwera ndi mipando isanu ndi umodzi osafunsa ngati ikufunika. Wogulitsa makala wa pangodya anatula thumba lathunthu kuseri kwa khitchini n'kuchoka osalankhula ndi munthu. Aliyense wobwera anali ndi chinthu chimene malemu anamukonzera.

"Mpope wathu anakonza ndi iwowa," anatero mayi wa mipando uja. "Koma anayamba andikalipira theka la ola chifukwa ndinaumanga ndi mphira wa njinga."

"Ine ndi geti," anatero bambo wina wometa tsitsi. "Anabwera akuchokera kutchalitchi, tepi yoyezera ili m'thumba la jekete. Ndinati, 'Ainjiniya, lerotu ndi Lamulungu.' Iwo anati, 'Kuyeza si ntchito, ntchito ndi mawa.'"

Anthu anaseka pang'ono, kenako anakumbukira chimene anadzera.

Agogo anamwalira ali ndi zaka 91. Analowa usilikali ali mnyamata ndipo anapita kunkhondo. Atabwerako anaphunzira uinjiniya n'kugwira ntchito yomanga milatho zaka zoposa makumi atatu. Anabereka ana anayi, awiri anatsogola. Akazi awo atafa ziwalo, anawadyetsa ndi supuni zaka zitatu, osalola kuti wina awalandire. Zimenezi aliyense ankazidziwa. Za kunkhondo zokha ndi zimene sankakamba, ngakhale kwa ana awo.

Amalume a Kalaliki, mwana woyamba wa malemu, anafika kuchokera kuchipatala maso ali psu. Atakambirana ndi achemwali awo, anaitana Kalaliki.

"Maliro ndi Loweruka," anatero. "Mbiri ya bambo sitivutika nayo ayi. Si iwe unkalemba? Dzana lomweli anandigwira dzanja n'kunena kuti zonse zili m'kope la Kalaliki. Utikonzere mwachidule, masamba awiri. Mawa m'mawa utiwerengere ife apabanja, tisanapereke kwa abusa."

"Chabwino, amalume," anayankha Kalaliki, akuyang'ana pansi.

3. Za m'kope

Kuseri kwa nyumba kunali kachipinda kamene agogo ankasungiramo zipangizo. Masipanala anali atapachikidwa pakhoma motsatira kukula kwake. Pamwamba pake panali zithunzi za milatho, zina zitayamba kufufuma.

Chaka chathachi, maso awo atasiya kuona, agogo anatuma munthu kukagula kope lalikulu lachikuto cholimba. Anapempha mdzukulu wawo kuti Loweruka lililonse masana azikhala nawo ola limodzi m'kachipindamo, iwo azinena, iye azilemba.

Masabata atatu oyamba Kalaliki analemba bwinobwino: kubadwa kwa agogo, sukulu, mpaka tsiku limene anavala yunifolomu. Anadzaza masamba khumi ndi limodzi. Koma agogo ankalankhula pang'onopang'ono, n'kumabwereza, n'kumatchula kutalika kwa chitsulo chilichonse. Loweruka lachinayi Kalaliki anabwera ndi foni, n'kulowetsa timawaya ta nyimbo m'makutu. Pensulo ankangoikwekweza papepala kuti izimveka. Akaona kuti milomo ya agogo yaima, ankachotsa kawaya kamodzi.

"Walemba, Kalaliki?"

"Ndalemba, agogo."

Ankadziuza kuti tsiku lina adzawafunsanso zonse. Inatha miyezi isanu ndi iwiri.

Tsopano anakhala pampando wake wa masiku onse n'kutsegula kope. Kuyambira tsamba la khumi ndi chiwiri munali maluwa, mizere yokhotakhota, mawu a nyimbo, ndi samu zina za kusukulu. Patebulo panali kachitini, ndipo m'kachitinimo munali mapensulo atatu osongoka. Agogo ankawasongola okha ndi kampeni, mopapasa, madzulo a Lachisanu lililonse. Ankati, "Pensulo ikamatha msanga ndiye kuti ntchito ikuyenda."

Kalaliki ananyamuka ndi kope kuti akauze amayi ake. Atafika pakhomo la kukhitchini anawaona atatsamiritsa mutu paphewa la mayi woyandikana nawo uja, akulira koyamba chiyambire m'mawa. Anaima kanthawi, n'kubwerera.

Anayang'ana zithunzi za pakhoma. Anakumbukira kuti pa mapemphero a pabanja agogo ankamaliza ndi mawu omwewo masiku onse: "Ndipo Ambuye, musaiwale mlatho wanga." Amalume ankakonda kuseka kuti, "Bambo okha ndi amene amapempherera simenti." Panalibe ankadziwa kuti mlathowo ndi uti.

Anatenga pensulo imodzi m'kachitini, n'kuthothola masamba awiri oyera kumapeto kwa kope, n'kuyamba kulemba.

4. Masamba awiri

M'mawa wa Lachisanu apabanja anakhala pabalaza. Asanayambe, panja panaima galimoto, ndipo munatsika nkhalamba yaitali, yowonda, yoyenda ndi ndodo. Ameneyu anali mnzawo wa agogo wa kuusilikali. Aliyense ankangowatchula kuti Asajeni. Amayi anawapatsa mpando wa malemu, koma iwo anaukana n'kukhala pa wa pambali pake.

"Mwafika bwino, Asajeni," anatero amalume. "Mdzukulu wanu akutiwerengera mbiri. Zonse zachokera pakamwa pa bambo."

"Ndikudziwa," anatero Asajeni. "Werenga, mwana wanga."

Kalaliki anaimirira. Zoyambirira anawerenga mosavuta, popeza zinali zoona. Kenako anafika pa za kunkhondo.

"Ali kunkhondo, agogo anamanga mlatho waukulu pamtsinje woopsa, zipolopolo zikudutsa pamutu. Anthu ambiri anawolokerapo n'kupulumuka. Mlatho umenewu anaunyadira moyo wawo wonse, ndipo ndi umene ankautchula kuti 'mlatho wanga.'"

"Ohoo!" anatero amalume, akumenya ntchafu. "Ndiye ndi umenewu! Zaka zonsezi, achemwali, ife tikuwaseka!"

Amayi anapukuta misozi. "Mulungu akudalitse, mwanangu. Watisungira bambo athu."

"Tabwereza pamenepo," anatero Asajeni.

Kalaliki anabwereza. Asajeni anamvetsera atatsinzina, chibwano chili pandodo. Atamaliza zonse, amalume anatenga mapepalawo n'kuwapinda bwinobwino.

"Miyendo yangayi yauma ndi ulendo," anatero Asajeni. "Kalaliki, tandigwira dzanja, ndikaone kumene mnzanga ankasungira tizitsulo take."

5. Mawu a Asajeni

Atalowa m'kachipinda muja Asajeni anatseka chitseko n'kukhala pansi.

"Kope lija lili kuti?"

Kalaliki analitulutsa m'kabati. Asajeni anavala magalasi n'kuyamba kutsegula tsamba limodzilimodzi. Anadutsa masamba olembedwa, anafika pa maluwa, anapitirira mpaka kumapeto. Analitseka n'kuikapo dzanja. Sanakweze mawu.

"Khala pansi, mwana wanga. Wakutsina khutu ndi mnansi. Zimene ndinene sizikoma, koma umve mpaka ndimalize.

"Mlatho umene ukunenawo agogo ako sanaumange. Anaugwetsa.

"Tinali anyamata, iye zaka makumi awiri, ine kuposerapo pang'ono. Adani anali m'mbuyo mwathu, ndiye tinalamulidwa kuti anthu athu akatha kuwoloka, mlatho uphulitsidwe. Ntchito yomangirira mabomba anapatsa agogo ako, chifukwa anali ndi manja osanjenjemera. Anakhala masiku atatu akulendewera kunsi kwa mlatho. Pamlathopo panali mlonda, munthu wamba, wokhala m'kanyumba kutsidya ndi kamwana kake kakakazi. Masiku onse atatu munthuyo ankamutsitsira madzi akumwa pachingwe. Anazolowerana, ankaseka limodzi.

"Tsiku lachinayi mlondayo anawolotsa mwana wake n'kumusiya m'manja mwa amayi ena othawa nkhondo. Ndiye anaima ndi agogo ako, n'kulankhula nawo kanthawi, kenako ndinangomuona akubwerera pamlatho, akuthamanga. Chimene anabwerera sindichidziwa. Ine ndinali kumagalimoto, patali. Lamulo linabwera munthuyo ali pakatikati, ndipo dzanja limene linakanikiza linali la agogo ako."

Kalaliki anagwira pakamwa.

"Milatho yonse ili pakhomayi," anapitiriza Asajeni, akuloza ndi ndodo, "ukamufunsa ankati ndi ya anthu. Sanatchulepo ngakhale umodzi kuti wanga. Wake unali umodzi wokha, uja uli pansi pa madzi. Inu mukamva akuti 'mlatho wanga' munkayesa akudzitama. Munthu amati 'wanga' ndi mlandu womwe, mwana wanga."

"Sindimadziwa, agogo," anatero Kalaliki.

"Sukanadziwa, poti makutu unatseka. Koma pamenepo sindikukuweruza kwambiri. Nkhalamba timatopetsa, ndikudziwa. Timabwereza, timanunkha mankhwala, timayamba nkhani ya nsapato n'kukathera kwa azakhali athu. Kutopa si tchimo. Ukanangonena kuti, 'Agogo, lero ndatopa,' akanakuseka n'kukuuza kuti pita ukasewere. Koma iwe unkati, 'Ndalemba.' Munthu wosaona amayenda ndi mawu a amene ali naye pafupi. Ukamuuza kuti apa n'pouma, amaponda.

"Ndipo dzulo wawonjezera china. Tamvera mmene agogo ako ankagwirira ntchito. Chinthu chimene sanachiyeze ndi dzanja lake sankachilemba. Ankasiya mpata m'buku, poyera, kuti aliyense aone kuti apa sipanayezedwe. Tsiku lina bwana wake anamukakamiza kuti angolembapo nambala iliyonse, ntchito ithe msanga. Iye anati, 'Bwana, mpata supha munthu. Imapha ndi nambala yabodza, chifukwa wobwera m'mbuyo amamangapo.' Anatsala pang'ono kuchotsedwa ntchito chifukwa cha mawu amenewo. Lero mdzukulu wake wapeza mpata, wathirapo nambala. Amalume ako ayamba kale kumangapo. Mawa abusa amangapo, mpingo wonse umangapo, ndipo ana ako adzamva kuti agogo ankanyadira chinthu chimene chinawaliritsa zaka makumi asanu ndi awiri."

Asajeni anavula magalasi.

"Pali chinanso, ndipo ndi chimene chandibweretsa lero m'malo mwa mawa. Mwana wa mlonda uja ali moyo. Agogo ako anamufunafuna moyo wawo wonse, ndipo tinamupeza chaka chathachi. Ndi mayi wokalamba tsopano, wa zidzukulu. Anakula akuuzidwa kuti bambo ake anamutaya panjira n'kuthawa. Agogo ako analephera kumuuza pafoni, mawu ankawathera pakhosi. Anangomulonjeza kuti zonse zimene bambo ake ananena tsiku lija zikulembedwa m'kope, ndipo adzalandira. Ndamuimbira dzulo za malirowa. Ali m'njira. Afika mawa m'mawa."

"Inuyo simungawauze, agogo?"

"Ndiwauza chiyani? Ndinaona ndi maso, sindinamve ndi makutu. Ndinamufunsapo mnzangayo kangapo. Ankati, 'Iwe uli ndi katundu wako wa komweko, ndisakusenzetsenso wanga. Ndiuza mdzukulu wanga, ali ndi dzanja labwino.' Mawu amenewo ananenedwa kamodzi kokha, m'chipinda chino, kwa iwe."

Kalaliki analira osabisa nkhope. Asajeni anamusiya alire. Kenako anatulutsa kansalu m'thumba n'kumupatsa.

"Palibe chimene unamvako? Ngakhale pang'ono?"

"Loweruka lina ndinaona misozi ikutsika," anatero Kalaliki. "Ndinkayesa ndi mankhwala a m'maso. Nditachotsa kawaya ndinangomva akuti, 'Sanamuthawe ayi. Umuuze kuti sanamuthawe.' Kenako anafunsa ngati ndalemba."

"Ndi zokhazo?"

"Ndi zokhazo, agogo."

"Uzisunge mmene zililimo. Usawonjezerepo ngakhale liwu limodzi."

6. Pabalaza

Asajeni anaimirira movutika, atagwira m'mphepete mwa tebulo.

"Ine sindikanena kanthu m'nyumbamo," anatero. "Pakamwa panga pakhala potseka zaka zonsezi, masiku awiri sangandivute. Ukafuna, mapepala aja apite kwa abusa mmene alili, anthu akawombe m'manja. Ukafuna, pita ukawaletse. Madzi akatayika sawoleka, koma munthu amanena kuti ndataya ndine, kuti ena asaterereke. Ine ndikhala muno ndipemphere."

Kalaliki anatenga kope n'kutuluka. Pakhonde anadutsa amayi a kutchalitchi amene ankaimba motsitsa mawu. Wina anamusisita pamsana n'kunena kuti, "Ndi uyu wolemba mbiri uja." Iye anangopitirira.

Pabalaza amalume anali ataimirira, makiyi a galimoto ali m'manja, mapepala aja akuoneka m'thumba la malaya. Amayi anali pampando, akusoka batani pa jekete la malemu.

"Amalume, musapite nawo mapepalawo."

"Bwanji? Walakwitsa chaka?" anafunsa amalume. "Ndi zazing'ono izo, tikonza ndi cholembera."

Kalaliki anagwada pakati pa chipinda n'kutsegula kope pa tsamba la maluwa. Analiika pansi, patsogolo pa amayi ake. Amayi anasiya kusoka. Amalume anawerama, anatsegula tsamba lina, linanso, n'kumuyang'ana.

"N'chiyani chimenechi?"

"Ndi zimene ndinkalemba agogo akamalankhula," anatero Kalaliki. Mawu ake anamveka mpaka pakhonde, ndipo nyimbo ija inaima. "Ndinalemba masabata atatu okha. Miyezi ina yonse ndinkamvera nyimbo, iwo akulankhula okha. Akafunsa ndinkati ndalemba. Za mlatho zija ndapeka ndekha dzulo, si zoona, ndipo zoona zake n'zowawa. Mawa kukubwera mayi wina amene agogo anamulonjeza mawu a bambo ake, ndipo ine ndatsala ndi mawu ochepa okha oti ndimupatse."

"Mayi wake uti?" anafunsa amalume. "Ukunena chiyani, mwana iwe?"

"Ndifotokoza zonse, amalume, zimene ndikudziwa zokha. Koma poyamba ndiloleni ndinene ichi." Anatembenukira kumpando wa agogo, umene munalibe munthu, kenako kwa amayi ake. "Agogo anandidalira, ine ndinawanamiza ali osaona. Iwo sangandiyankhenso. Amayi, amalume, ndakutayirani mawu a bambo anu. Ndalakwira Mulungu, ndalakwira inu. Chonde, ndikhululukireni."